Nsidze za Graciete

Zaka makumi anayi ndinkalemba maina pa maboti ku Matosinhos,
zilembo zonenepa, zoti msodzi aziwerenge ali kutali, m'nkhungu.
Dzanja langa silinaphunzire kunong'ona.

Tsopano manja a Graciete amanjenjemera.
Kapu ya khofi amaigwira ndi onse awiri,
mabatani a juzi ndimamumangira ndine.
Zonsezo anazilola osadandaula.
Koma Lachiwiri lija ndinamupeza pa kalilole,
pensulo itagwera m'sinki,
mzere wakuda utasochera mpaka pachipumi.
Anati, Lero sindipita kumsika. Ndilibe nkhope.

Ndinakwera basi, kachidutswa ka pensulo kali m'thumba la malaya.

M'sitolo ya ku Cedofeita munali mtsikana, dzina lake Telma.
Ndinati ndikufuna yakuda, ngati iyi.
Anafunsa, Tsitsi la amayiwo ndi lotani?
Ndinati imvi, koma kunkhongo kudakali tina toderako.
Ndiye yakuda ayi, bambo. Yakuda imakalipa.

Anatembenuza dzanja langa,
nalembapo timizere titatu pakati pa zipsera zakale,
nkundikokera pakhomo:
magetsi a m'sitolo amanama, funsani dzuwa.
Woyamba unafiira ngati njerwa.
Wachiwiri unamata ngati polishi ya nsapato.
Wachitatu unali ngati phulusa la ndudu, wouma, wamanyazi.
Imeneyo, anatero. Yolimbirako, yansonga.
Yofewa imathamanga kuposa mwini wake.

Kenako anaimika pensuloyo m'mbali mwa mphuno yake: apa poyambira.
Anaipendeketsa kudutsa pakati pa diso: apa pokhotera.
Anaigoneka mpaka kungodya ya diso: apa muime,
ngakhale dzanja likufunabe kupita.
Ndipo musajambule nsidze, bambo.
Jambulani tsitsi. Limodzi. Kenako lina.

Masiku atatu ndinayeserera pa nkhope za m'nyuzipepala.
Nduna, osewera mpira, ngakhale malemu a patsamba lomaliza,
onse anagona ndi nsidze za mkazi wanga.

Loweruka ndinamukhazika pafupi ndi zenera.
Anatsinzina. Mpweya wake unkandiomba pamkono,
fungo la khofi ndi sopo.
Ndinayeza, ndinalinganiza, mbali iyi ndi mbali iyo
ndendende ngati zilembo za pa boti.
Atatsegula maso anayang'ana kalilole nthawi yaitali.
Mayi uyu ndani, Albano? Wadabwa chiyani chonchi?

Thonje, timadzi tofunda. Kuyambiranso.

Apa m'pamene ndinakumbukira
kuti nsidze yake yakumanzere sinamverepo inzake.
Inkakhala m'mwamba pang'ono, yokha,
ndiyo inkandifunsa Lachisanu lililonse kumene malipiro athera,
pakamwa pasanatuluke mawu.
Ine ndinali nditaiwongola, ngati ndikubisa mboni.

Ndinagwira pensulo kumchira kuti isaleme.
Pafupi ndi mphuno, pang'ono chabe, timizere toloza m'mwamba,
ngati udzu wongomera kumene.
Pakati ndinangodzaza mipata, tsitsi lotsalalo ndikulitsatira.
Kumapeto ndinaderetsako, nkuima pamene Telma anati ndiime.
Kaburashi kakumbuyo kanapesa zonse,
mpaka langa ndi lake osasiyanitsika.
Yakumanzere ndinaibwezera malo ake.

Anaikweza.
Ndithu anaikweza, nkundiyang'ana nayo.
Mwachedwa, anatero. Nsomba zabwino zatha.

Kumsika Ermelinda wogulitsa sadini anamuyang'ana kawiri
nati, Mwagona bwino lero, Graciete, mukuoneka.
Za nsidze sanatchule.
Ndinaima kumbuyo, dengu m'manja, mtima ukugunda ngati mnyamata:
ntchito yanga yoyamba yoti munthu asaiwerenge.

Pensuloyo ikufupika.
Ndimaisongola usiku ndi mpeni wanga wakale wa kudoko,
tinyenyeswa tikugwera m'mbale ya supu.
Masiku ena ndimalakwitsabe, mchira umatalika,
iye amati, Lero mwandipatsa nkhope ya mlamu wanga,
ndipo timayambiranso,
basi ya hafu eyiti ikudutsa pansi pa zenera.